Dzanja Pamphuno ya Wogona

Ndinagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha mishoni m'nthawi ya Angelezi, za Uhuru, ufulu wodzilamulira uja, tisanazimve n'komwe. Ntchito ya usiku tinkaitcha zamu, monga ankanenera anzathu a Chiswahili. Wodi yonse ya amayi inkakhala m'manja mwa munthu mmodzi ndi nyali imodzi ya palafini. Asisitere achizungu anatiphunzitsa kuti wodwala wobuula asatidetse nkhawa, woopsa ndi amene wangoti zii. Ndiye unkayenda bedi ndi bedi, n'kumaika kuseri kwa dzanja pafupi ndi mphuno ya wogona. Ena ndinkawapeza atapita kale, chikhalirecho ndinali nditangowamwetsa madzi.

Ati masana tizigona. Tulo tingabwere bwanji malata akuthetheka ndi dzuwa, kuseri kwa mpanda anamfedwa akulira? Ndinkangosinzira ngati nkhuku yachitopa.

Nditakwatiwa ndinatsatira amuna anga ku Mbamba Bay, doko la m'mbali mwa nyanja, komwe ankagulitsa usipa wouma. Zamu ndinaisiya, koma thupi linakana kumva. M'nyumba mukangoti zii ndinkadzidzimuka mtima uli m'mwamba, ndipo sindinkagonanso mpaka nditayatsa koloboyi n'kumva mpweya wa aliyense padzanja langa. Amuna anga ankagona ngati chipika, sankadziwa kanthu.

Anandigwira ndi apongozi anga, atabwera kudzacheza kuchokera ku Likoma. Anatsegula maso n'kupeza mkazi wa mwana wawo atawaweramira, tsitsi lili nyankhalala, dzanja lili pamphuno pawo. Sanakuwe. Kutacha anakana phala langa.

"Mwananga," anauza amuna anga ine ndili pomwepo, "mkazi wakoyu amayeza anthu usiku. Akufuna aone woyamba akhala ndani."

"Amayi, n'chizolowezi cha zamu basi," ndinatero. "Ndimangoona ngati mukupuma."

"Ndipume ndisapume, iwe zikukukhudza chiyani? Wodikirira mpweya wa mnzake dzina lake timalidziwa."

Dzinalo sanalitchule, koma tonse tinalimva. Ndinapsa mtima, ndinalira, ndinalumbira pa Baibulo. Amuna anga anandiikira kumbuyo, pamenepo ndiwayamike. Koma apongozi atakwera sitima, nkhani inatsala pamudzi. Amayi anzanga kogula nsomba ankakokera ana awo kumbuyo ndikamadutsa, ndipo ndinayamba kuopa kuti banja langa litha.

Ndinayesetsa kudziletsa. Ndinkagona chagada, manja nditawapanira m'khwapa, n'kumamvetsera mafunde mpaka tambala. Ndinaonda, maso analowa m'kati.

Usiku wina ndinalephera. Ndinadzuka osayatsa nyali, n'kutambasulira dzanja pang'onopang'ono kwa amuna anga. Mpweya panalibe. Ndinatsala pang'ono kukuwa. Kenako, m'kuwala kwa mwezi wolowera pamng'alu wa chitseko, ndinaona maso awo ali tong'o, akundiyang'ana. Munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi anali atadzigwira osapuma, kudikira kuti aone chimene ndimuchite.