Manja kumbuyo, Madamu

Madamu Chisale, papita zaka chitisiyireni, koma lero ndakuonani pa boda pa Mwanza. Ndinapita kukatenga katundu, ndipo mu ofesi ya maejenti ndinapeza Zuze akuphunzitsa mtsikana watsopano ntchito, manja ali kumbuyo. Ndinangoima pakhomo misozi ili lengelenge.

Paja ku koleji, mutatisankha kuti tizithandiza anzathu pa maphunziro, lamulo lanu linali lakuti wothandiza sagwira cholembera. Ine munandipatsa Zuze yemweyu, atatsala pang'ono kuchotsedwa chifukwa cha masamu. Tsiku lina anakanirira pa samu imodzi, thukuta lili kamukamu, ine dzanja likuyabwa kuti ndingomulembera. Munafika pambali panga n'kundinong'oneza kuti, "Manja kumbuyo, Tadala. Ukamulembera, pa mayeso udzakhalapo?" Tinadikira tonse awiri. Atapeza yankho anakuwa kuti, "Ndaipha!" Inu munaseka mpaka kuvula magalasi. Lero ndamufunsa kuti manjawo waikiranji kumbuyo, akuti, "Kaya, si mmene unkandiphunzitsira iweyo?" Zomwe munandinong'oneza zija iye sanazimve n'komwe. Pumulani, Madamu, cholembera chili m'manja mwa mtsikana uja.