Lenzi ya Kutali ya a Senderani

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu a Senderani akhala akujambula anthu pageti la koleji ya anamwino, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ili linawakakamira chifukwa munthu akangoima patsogolo pa kamera yawo, mawu oyamba ankakhala akuti, "Senderani kuno, sindiluma." Kujambula munthu ali patali ankadana nako. Ankati wojambula weniweni amasendera ndi miyendo mpaka aone thukuta la pamphuno, osati kubisala kuseri kwa chilenzi ngati akusuzumira mkazi wa mwini. Lenzi yawo inali imodzi, yaifupi, yosupuka m'mphepete, ndipo ndi yomweyo inaphunzitsa mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, mpaka kukalowa koleji yomweyi.

Chaka chimene mwanayo ankamaliza, koleji inabweretsa kampani yakeyake yojambula. Ojambula ena onse anauzidwa kuti pa tsiku lolandira masatifiketi adzaime kunja kwa mpanda wa waya. Makadi olowera anali awiri pa wophunzira aliyense, ndipo mayi a mwanayo, amene anasiyana ndi a Senderani zaka khumi zapitazo, anatenga onse, ina yawo, ina ya mwamuna wawo watsopano. Mwana anaimba foni kuti afotokoze, koma bambo ake anamudula pakamwa.

"Usavutike, mayi. Ukakhale ndi bambo ako a galimotowo."

Anadula foni. A Senderani ndi otero, amayamba alasa, kuganiza kumabwera mawa lake.

Komatu chithunzi ankachifuna, ndipo mtima unkawawawa. Ana a eni mazanamazana anawajambula atavala magauni, wawo yekha awaphonye? Kuchokera kumpanda kukafika pansanja yolandirira masatifiketi ndi mtunda wa bwalo la mpira. Ndiye anapita kushopu ya makamera nkhope ili gwaa, wa shopu n'kuwayalira zinthu zitatu pakauntala.

"Iyi ndi zumu, achikulire. Mukapotokola imakoka chakutali, mukabweza imajambulanso wapafupi. Kungoti kuchokera kumpanda kuja nkhope ituluka yaing'ono."

"Sindikufuna nyerere yovala gauni."

"Ndiye tengani kakonveta aka. Mumangomangirira pa lenzi yanu yomweyo, kamakoka kawiri. N'kotsika mtengo, ndipo yanuyo simuitaya."

"Kameneko kamadya kuwala, chithunzi chimatuluka ngati wajambulira muutsi. Ukundiona ngati ndayamba dzulo?"

Yachitatu inali telefoto, yaitali ngati mkono, yolemera. Wa shopu anaisisita. "Iyi ikubweretserani ndi ndolo ya kukhutu yomwe. Koma imadziwa kutali basi. Munthu akayandikira, simuona kanthu."

"Andiyandikire ndani? Ine ndi galu wa kunja kwa mpanda."

Kuti ayitenge anayenera kusiya lenzi yawo yakale ija pakauntala ngati chowonjezera. Wa shopu anayesa kuwabweza, nati aganizirenso za zumu. Sanamve. Munthu wokwiya sasankha lenzi ayi, amasankha chimene chikugwirizana ndi mkwiyo wake, ndipo a Senderani anatuluka atanyamula chilenzi chija ngati mfuti.

Tsiku lolandira masatifiketi lija dzuwa linaswa mtengo. Mlonda wa pageti, munthu amene ana ake onse anayi a Senderani anawajambula ulere, anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndi malamulo, achikulire." A Senderani anatembenuka. Anakaima pampanda, n'kulowetsa mlomo wa lenzi pawaya. Inalidi lenzi, zimenezo tisanamizane. Anamuona mwana wawo pamzere ngati ali pompo, chipewa chitapendekeka, maso akusakasaka kumpanda.

Dzina lake litaitanidwa, wojambula wa kampani anadzaima pakati penipeni. Chimene chinadzaza lenzi ya a Senderani ndi msana wa malaya achikasu. Anathamangira kumanja, waya unakola lamba wa kamera, ndipo pomwe ankaukola mwana anali atatsika kale. Anatukwana kampani, koleji, mlonda, ndi mwamuna wa galimoto uja amene panthawiyo ankawomba m'manja atakhala pamthunzi.

Akupukuta thukuta anamva, "Bambo."

Anali mwana wawo. Anachoka pamzere, n'kudutsa bwalo lonse, n'kutulukira pageti, mayi ake akumukodola osawacheukira. Tsopano anali ataima pamaso pawo penipeni, akupuma mofulumira, satifiketi ili pachifuwa.

"Akuti magauni tibweze pompano. Ndasendera, bambo. Jambulani."

A Senderani anakweza kamera. M'katimo munali chimtambo chakuda, chopanda maso, chopanda mphuno. Anapotokola, osatheka. Dzanja linapita lokha m'chikwama kukafuna lenzi yaifupi ija, n'kupezamo kansalu kopukutira basi. Anati abwerere m'mbuyo iwo, koma kumbuyo kwawo kunali ngalande ndi msewu wodzaza magalimoto a makolo.

"Bwerera m'mbuyo, mayi."

"Bwanji?"

"Ingobwerera. Bwereranso. Pita ndithu."

Mwana anayenda chambuyo, kumwetulira kukuzima pang'onopang'ono, mpaka msana unagunda geti lomwe anatulukira lija. Apo ndiye nkhope inaoneka bwino, ndipo anajambula.

Lolemba lake analawirira kushopu kuja, koma lenzi yakale inali itagulidwa kale. Telefoto ili pansi pa bedi mpaka lero, ndipo pageti amajambulira zumu yobwereka kwa mnzawo. Chithunzicho anachipachika pabalaza. N'chowala kuposa zonse zimene anajambulapo, ulusi uliwonse wa gauni ukuoneka. Alendo amachiyamikira, kenako amafunsa kuti nanga mwanayo bwanji akuoneka ngati akuthamangitsidwa. A Senderani amadzuka n'kutuluka panja, chifukwa sadziwanso woti amutukwane.