Batate Apeza Viniga

Muli bwanji nonse. Shuga wa Batate watsika pang'ono lero masana, ndipo iwo akuti ni viniga.

Athira supuni imodzi mu saladi ya kabichi. Patapita maola awiri ndawayeza, kamakina koyezera shuga kaonetsa pansi kuposa dzulo. Nesi wa kukiliniki wati n'zotheka, chifukwa viniga amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, choncho shuga salowa m'magazi mothamanga. Koma mapiritsi asasiye.

Batate amva theka loyamba chabe. Adzaza viniga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa n'kuika m'thumba la jekete. "Loweruka kuukwati ku Highlands, keke ndidya magawo awiri," atero.

Ba Esnati, ndinu oyamba kubadwa, amakumverani. Mukhala nawo tebulo limodzi, kapena ndiuze ogawa keke awadumphe?