Dzanja la Subarna M'mphepete mwa Chithunzi

A Dhana Kaji Chitrakar anabadwa pa 3 Febuluwale 1948 m'chipinda cha pamwamba pa situdiyo yojambulira zithunzi ya bambo awo ku Patan, ndipo ntchito ina iliyonse sanaigwirepo. Anakula akutsuka zithunzi m'mabeseni, zala zili bii ndi mankhwala. Pa 12 Epulo 1979 anagula kwa mzungu wina wokwera mapiri lenzi yachitsulo yoona malo aakulu, ndipo ndi lenzi imeneyo anajambula maukwati ndi miyambo ya m'dera lathu kwa zaka pafupifupi makumi atatu.

Mabwalo a pakati pa nyumba zathu ndi opanikizika. Wojambula akafuna kubwerera m'mbuyo kuti anthu akwane, khoma limamukankha. A Dhana Kaji ankadziwa bwalo lililonse ngati chikhatho chawo. Pabwalo la banja la a Shakya, mwendo umodzi wa choimikira kamera unkagunda chitsime, msana wawo uli kukhoma, ndipo lenzi ija inkaona kuyambira pamasitepe kumanzere mpaka pampope kumanja. Ankangosuzumira kamodzi kuti aike mwini mwambo pakati, kenako n'kuima pambali, chingwe chodinira chili m'manja, maso ali pa nkhope za anthu. Ankati wojambula wobisala kuseri kwa kamera amajambula anthu otsinzina.

Malo amene ankatsukitsako filimu anatsekedwa pa 31 Disembala 2007. Pa 24 Januwale 2008 anapita kwa Prajwal, mwana wa mnzawo wakale, amene amagulitsa makamera mumzinda, n'kugula kamera yopanda filimu. Inabwera ndi lenzi yakeyake, yapulasitiki, yopepuka ngati bokosi la machesi. Anaitembenuza m'manja n'kutsonya.

"Ichi n'chidole. Yanga yachitsulo ilowa pamenepa?"

"Ilowa, amalume, koma dikirani ndikufotokozereni..."

"Iwe, ndinakujambula uli ndi miyezi isanu ndi umodzi, ukudya mpunga koyamba, mamina ali chuchuchu. Lero undiphunzitse kujambula?"

Prajwal anangoseka. Chimene ankafuna kunena n'chakuti sensa, kagalasi kolandira chithunzi m'malo mwa filimu, inali yaing'ono kuposa filimu, choncho lenzi yakale ikakhala pa kamera imeneyo imataya za m'mbali.

Ntchito yoyamba yaikulu inali pa 10 Febuluwale, Lamulungu. Mayi Beti Maya Shakya anali atakwanitsa zaka 77, miyezi 7 ndi masiku 7, ndipo ana ndi adzukulu anawachitira janku, mwambo wolemekeza okalamba, kuwakoka pakangolo kuzungulira mudzi. Tsiku limenelo kunabweranso Subarna, mwana wawo wamkazi wotsiriza. Iye anathawa pa 6 Meyi 1996 ndi Lokendra Thapa, woyendetsa basi, munthu wa mtundu wina, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri sanapondepo pabwalo lija. Amayi ake ndiwo anamuitana, mchimwene wake wamkulu Siddhi Ratna asakufuna. Anabwera yekha kuchokera ku Hetauda.

Pojambula, mpando wa mayi aja unaikidwa kutsogolo kwa kachisi wa pabwalo. Ana aamuna anaima pafupi, ana aakazi okwatiwa anandanda kumanja monga mwa mwambo, ndipo Subarna anaima kumapeto kwenikweni, dzanja lili paphewa la mkulu wake. A Dhana Kaji anagunditsa mwendo pachitsime, anasuzumira pakati, anaima pambali, n'kudina katatu. Anayang'ana kagalasi ka kumbuyo kwa kamera alibe mandala awo, anaona kuti kuwala kuli bwino, n'kulongedza.

Chithunzi chinatuluka pa 13 Febuluwale. Kumanzere kunasowa masitepe okha. Kumanja kunasowa mpope ndi Subarna. Chimene chinatsala cha iye ndi dzanja lokha, ndi zibangili ziwiri zofiira.

A Dhana Kaji anachitenga kupita nacho kwa a Shakya. Siddhi Ratna anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira pang'ono.

"Achimwene, kamera yanu yatsopanoyi ndi yanzeru."

Apo ndi pamene a Dhana Kaji anayenera kulankhula. Koma kunena kuti iwo, wojambula mwana wa wojambula, anajambula osayang'ana m'mbali, kunawakanika. Anangowerama. Chithunzi chimodzi chinatumizidwa ku Hetauda, ndipo Subarna sanabwerenso, ngakhale kuyankha foni ya amayi ake.

Mlungu womwewo anatulutsa lenzi yapulasitiki ija m'bokosi, ndipo sanadulenso munthu wina aliyense. Makasitomala sanadziwe kanthu. Koma akamadutsa pakhomo pa a Shakya ankafulumiza mapazi, ndipo akazi awo anaona kuti maswiti a pamwambo wa kumeneko, akatumizidwa kunyumba, sankawalawa.

Pa 16 Okutobala 2013 mayi Beti Maya anawaitanitsa. Anali atachepa thupi, atakhala padzuwa pawindo, akuthothola nyemba.

"Dhana, wansembe wanena tsiku. Pa 8 mwezi wamawa ndidzakhala nditaona mwezi ukukhala kokwana chikwi. Andikokanso pangolo."

"Tidzajambula, mayi."

"Usandiyankhe msanga. Janku yachitatu sindidzaiona, ndikudziwa. Ndikufuna chithunzi chimene muli ana anga onse. Onse, wamva? Uja amati tinakutuma kuti umudule. Siddhi akuti sanakutume. Ine sindinakutume. Nanga anakutuma ndani?"

"Palibe, mayi. Ndinalakwa ndine."

"Ndiye ukundiuza ine? Ine ndili ndi mutu wonse pachithunzipo."

Tsiku lotsatira a Dhana Kaji anapita kwa Prajwal n'kufotokoza zonse, ali chiimire pakati pa sitolo. Prajwal sanaseke. Anatsitsa kamera ina pashelefu, yolemera, n'kuiika patebulo.

"Iyi sensa yake ndi yaikulu, ngati filimu ndendende. Lenzi yanu yachitsulo ikakhala apa iona zonse zimene inkaona kale. Gulani, amalume. Zazing'onozi zatha, pakapita zaka zisanu zidzakhala za ana asukulu."

Kasitomala wina, wojambula maukwati wa ku Kirtipur, analowerera. "Bodza limenelo. Chaka chatha umatiuza kuti yaing'ono ndiyo yabwino chifukwa siithyola khosi. Lero wadzaza shelefu ndi zazikulu, nyimbo yasintha."

"Inu khalani ndi kakang'ono kanuko, achimwene, mudzandipeza."

"Ndidzakupeza ukugulitsa mafoni. Mafoni adzadya zonse ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono, iwenso adzakudya."

A Dhana Kaji anawasiya atsutsane mpaka atatopa. "Za zaka zisanu mudzaona nokha, ine maso akupita. Ndibwereke yaikuluyi masiku awiri okha, mkuja ndi pa 8 Novembala."

Pa 19 Okutobala, Loweruka, anakwera galimoto ya jipi yopita ku Hetauda, makamera awiri ali pamiyendo, ndipo anasanza kawiri mumsewu wokhotakhota wa m'mapiri. Anamupeza Subarna akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Tsitsi lake linali litayamba imvi. Anawazindikira msanga.

"Amalume a lumo. Mwabwera kudzadulanso chiyani? Dzanja lija munaliiwala?"

"Ndipatse mpando ndi madzi, mwanawe, kenako unditukwane bwinobwino."

Atamwa madzi anaimika choimikira pakhomo, n'kupempha Lokendra, amene anali akutsuka basi yake, kuti aime pafupi ndi mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo. Anamanga lenzi yachitsulo pa kamera yaikulu. Subarna anasuzumira, n'kuona mwamuna wake, mtengo, ndi mphuno ya basi. A Dhana Kaji anamasula lenzi ija, anaimanga pa kamera yaing'ono pamalo pomwepo, osasuntha mwendo ndi umodzi womwe. Subarna anasuzumiranso. Panalibe mtengo, panalibe Lokendra.

"Ali kuti?" anafunsa, n'kudzutsa mutu. Lokendra anali pomwepo, chidebe m'manja, akudabwa.

"Ndi momwe zinachitikira. Sanandituma munthu. Ndinaima pamene ndinkaima masiku onse, ndinakhulupirira lenzi, osayang'ana."

Subarna anasuzumira kachitatu, kenako anakhala pansi pakhonde.

"Zaka zisanu ndi miyezi isanu ndi itatu. Pakamwa panali patatupa?"

"Manyazi."

"Manyazi anu ine ndinawalipira ndi mayi anga." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu yake ya sari. "Chabwino, munalakwa. Koma iwo anachiika m'felemu, amalume. Mkulu wanga anandiuza. Chili pamwamba pa wailesi, ndipo alendo amamwa tiyi pansi pake. Palibe amene anati, chotsani ichi, muli munthu wosowa."

Felemu imeneyo anaikhoma ndi a Dhana Kaji eni ake.

Anadya mpunga ndi mphodza. Powaperekeza ku jipi, Subarna anati, "Mukawauze mayi kuti ndibwera. Koma ndekha ayi. Uyu wandisunga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ngati iye sakwana m'chithunzi chanucho, inenso sindikwana."

Pa 8 Novembala, Lachisanu, kunacha bwino. Mayi Beti Maya anakokedwa pangolo ndi adzukulu, ng'oma ndi zitoliro zili patsogolo, ndolo zatsopano zagolide zikung'anima m'makutu. Atabwerera pabwalo, anthu anandanda. Subarna anaima kumapeto kwa ana aakazi. Lokendra anafika pachipata chachifupi cholowera pabwalopo n'kuima kunja, nsapato zili m'manja. Palibe anamuuza kuti alowe, palibenso anamuthamangitsa.

A Dhana Kaji anagunditsa mwendo pachitsime, anavala mandala awo, n'kuika diso pa kamera yobwereka ija. Anayendetsa diso pang'onopang'ono kuyambira pamasitepe mpaka pampope. Subarna analimo yense, ndipo pambali pake panali malo okwana munthu mmodzi. Koma nkhope yake inali itatembenukira kuchipata, ndipo phazi limodzi linali litayamba kale kutuluka pamzere.

"Jambulani, achimwene," anatero Siddhi Ratna. "Wansembe akudikira, chakudya chikuzizira."

"Sanakwane."

"Takwana. Ndawerenga ndekha."

"Mwawerenga bwino, koma ine ndikuona malo opanda munthu."

"Tinakuitanani kudzajambula kapena kudzakonza banja lathu?"

 A Dhana Kaji anaika manja kumbuyo. Anali atajambula Siddhi Ratna pa ukwati wake, ndi ana ake onse atatu, ndipo ankadziwa kuti mawu amenewa sadzaiwalika. Sanagwire chingwe.

"Dhana," anatero mayi Beti Maya osatembenuka, chifukwa nkhata za maluwa zinali zitawalemera m'khosi, "akusowa ndani?"

"Mkamwini wanu, mayi. Ali pachipata."

"Uja wa basi? Amene sanandipatsepo moni chikwatirire mwana wanga?"

"Yemweyo."

"Muuzeni alowe. Awerame, chipatacho chinapweteka anthu aatali kuposa iye."

Lokendra anawerama n'kulowa. Anadutsa kutsogolo kwa anthu onse, anagwada n'kugunditsa chipumi pamapazi a mayi aja, kenako anakaima pambali pa mkazi wake, nsapato zikadali m'manja. Mlamu wake wina anamulanda n'kuziponya kuseri kwa mpope, ndipo akazi angapo anaseka. A Dhana Kaji anasuzumiranso, anawerenga mitu makumi asanu ndi itatu, n'kudina diso lili pa kamera. Nthawi inali itadutsa 11 koloko ndi mphindi makumi awiri.

Kamera yaikulu ija anaibweza kwa Prajwal madzulo ake, ndipo sanaigule. Anagwira ntchito ndi yaing'ono mpaka pa 30 Juni 2016, pamene ng'ala inawatseketsa situdiyo. Siddhi Ratna sanawaitanenso. Ukwati wa mwana wake wamkazi unajambulidwa ndi anthu ochokera mumzinda, ndipo akakumana panjira ankayang'ana kumbali, mpaka tsiku limene a Dhana Kaji anamwalira, pa 27 Ogasiti 2021.

Subarna anabweranso mu Disembala, kenako mu Epulo, kenako mosawerengeka. Mayi Beti Maya atagwa pamasitepe kumapeto kwa 2014, iye ndiye anadzagona pamphasa pafupi ndi bedi lawo milungu isanu ndi umodzi, ndipo ndiye anawamwetsa madzi otsiriza m'mawa wa pa 9 Januwale 2015.