Nkhono za a Joakimu

Ndikakumbukira a Joakimu, ndimamva fungo la makoko a manachesi losakanikirana ndi la spiriti amene ankatsukira m'manja. Anali aneba athu ku Thambani, bambo wamtali amene anathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ankathandiza odwala pachipatala chaching'ono cha kwathuko. Akaweruka, m'malo mokasewera bawo ngati amuna anzawo, ankapinda thalauzi n'kulowa m'madambo kukatola nkhono, kenako n'kuzindandalika m'mabotolo pakhonde, botolo lililonse ndi kapepala kake. Amayi ankati nkhondo inawasokoneza mutu.

Ndili Sitandade 5 ndinayamba kukodza magazi. Mantha ndinalibe, ndinanyada. Anyamata a kwathu tinkati chimenechi n'chizindikiro cha kukula, ndipo wa mkodzo woyera tinkamuseka kuti ndi khanda. Bambo atamva anangomwetulira, amvekere mwana wayamba kukhala mwamuna. Koma mwamunayo ankangoonda, m'mimba mukupota, m'kalasi akusinza, mpaka aphunzitsi ananena kuti ndibwereza kalasi.

Tsiku lina a Joakimu anandiona ndikupuma kawiri pa kamtunda kopita kwathu.

"Iwe, mkodzo wako ukutuluka wotani?"

Ndinayankha chifuwa chili patsogolo. Iwo sanaseke. Anandipatsa kabotolo koti ndikodzeremo, ndipo m'mawa mwake anakhazika pawindo la chipatala makina awo akale oonera tizilombo, poti kagalasi kake kankadalira dzuwa.

"Suzumira, uchione chimuna chakocho."

Ndinaona timazira, kalikonse ndi kaminga kumapeto. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinasowa poyang'ana.

"Ndi likodzo. Mankhwala alipo, uchira. Koma umasambira kuti?"

"Padziwe la kumunsi kwa madimba."

Analemba m'kope lawo. Ndiye kuti funsoli anali atafunsa ana ambirimbiri, ndipo mayankho ankaloza dziwe lomwelo, limene nkhono zake, zofalitsa likodzo, zinali m'botolo lachitatu pakhonde paja.

"Ndikakupatsa mapiritsi osalidziwa dziwe, ubweranso. Ine ntchito yobwereza ndimadana nayo."

Ndinachira, ndipo kalasi sindinabwereze. Dziwe lija makolo anatiletsa. Bambo anapita okha kwa a Joakimu atapanira nkhuku m'khwapa, ngakhale sanavomerepo pakamwa kuti analakwitsa.

Lero ndine dokotala. Masiku atatu ndimakhala ndi odwala, awiri mu labotale kufufuza za likodzo lomweli, ndipo anzanga amati ndisankhe chimodzi ndisanamere imvi. Kutopa ndimatopa, sindikana. A Joakimu anamwalira ndisanamalize sukulu, ndipo zimandiwawa kuti sanaone makina amene ndimagwiritsa ntchito, osadikira dzuwa.

Mlungu wathawu kunabwera kamnyamata koonda, koyenda modzitukumula, bambo ake akumwetulira pambuyo. Nditalemba mankhwala sindinakauze kuti kazipita. Ndinatsegula kope langa.

"Tandiuza, umasambira kuti?"