Khosi Litauma, Msuweni Anasanduka Mwamuna Wanga

Zinayamba ndi mutu mu Febuluwale, kuno kutsidya kwa nyanja, ku Etobicoke, chisanu chitafika pachimake. Kenako kunabwera kutentha thupi ndi kusanza. Ine, monga Mmalawi weniweni, ndinadziyeza ndekha n'kupeza malungo. Udzudzu wake unachokera kuti m'chisanu chotero, musandifunse. Ndinamwa panado n'kufunda bulangeti.

Lachitatu m'mawa khosi linauma, kuwala kukundilasa m'maso, mawu n'kuyamba kusokonekera. Masauso, mwamuna mnzanga wa ku Chipata amene ndakhala naye zaka zambiri ngati banja, anaitana ambulansi. Kuchipatala anati ndi matenda oumitsa khosi. Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa, chifukwa ndinali nditakomoka.

Namwino anafunsa Masauso kuti ndi ndani wanga. Iye anayankha zomwe tinazolowera kunena kutchalitchi ndi pamaliro a anzathu: "Ndine msuweni wake." Namwino anati wodwala akamalephera kulankhula, amafuna wachibale wapafupi kuposa msuweni. Namwinoyo anaimbira achemwali anga a m'tawuni yapafupi ya Markham, mayi wopemphera kwambiri, amene za ine ndi Masauso ankazidziwa koma osafuna kuzimva.

Kuyambira pamenepo madokotala ankalankhula ndi achemwali: za kutenga madzi a mumsana, za mankhwala a m'diripi, za chipinda cha odwala mwakayakaya. Masauso anaopa kukonza bodzalo pamaso pawo. Munthu amene amadziwa ngakhale mankhwala omwe amanditupitsa thupi ankangokhala pabenchi m'khonde, kudikira kuti wina amugawireko nkhani. Achemwali ankamupeza pomwepo m'mawa uliwonse, iye atavala jekete yomweyo.

Nditatsitsimuka ndinafunsa kuti Masauso ali kuti.

"Msuweni wanu uja?" anatero namwino.

"Si msuweni," ndinayankha, achemwali ali pomwepo. "Ndi mwamuna wanga."

Namwino anagwira pakamwa. "Bwanji osanena? Lamulo la kuno limakuwerengani kale ngati banja."

Lamulo linkatiwerenga inde, koma eni akefe tinali tisanadziwerenge. Kale ndinkati ukwati wa amuna awiri ndi za azungu, chikondi sichifuna pepala. Benchi ija inandichotsa mwano. Ukwati ndi kunena kamodzi pagulu, kuti tsiku limene pakamwa padzatsekeke pasadzakhale wofunsa kuti uyu ndani. Ndinamufunsira Masauso diripi ili pamkono, ndipo analira osachita manyazi.

Kuchira kunali kwa pang'onopang'ono. Ndinakhala masabata angapo m'chipatala, kenako kuphunziranso kuyenda osadzandira. Khutu lakumanzere silimva bwino mpaka lero, koma ndabwerera kuntchito, ndipo ndikudya moti telala wakulitsa kale suti yanga. Tikukwatirana mwezi wamawa! Ndikakumbukira, ndimaseka ndekha m'basi anthu n'kumandiyang'ana. Ndine wokondwa, sindibisa.

Achemwali anatitalikira nthawi yaitali, ndipo ndinkati basi ndawataya. Sabata yatha anaimba foni, mawu ali gwa. "Tsono ankhoswe anu ndani? Ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi. Muwauze a Masauso apeze wakwawo. Mbali ya kuno ndilipo ine."

Abale anga, mutu ukakula pamodzi ndi kutentha thupi, khosi n'kuuma, musamati ndi malungo. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo munthu wanu mutchuleni chimene ali, mukadali ndi pakamwa.