Tsiku limene amalume anatsitsa manja

Ndowa inali m'manja mwanga pamene amalume anatsitsa manja. Inali yachitsulo, yopindika pakamwa, madzi ake atafiira kale ndi magazi. Ndikadali nayo kuno ku Chiwaridzo, dera la m'tauni ya Bindura. Ndimathirira nayo masamba.

Linali Lamlungu, nyengo yotentha mvula isanagwe, pabwalo la mgodi wathu ku Bindura. Amalume, alongo awo a amayi, anali ngwazi ya nkhonya ya anthu akuluakulu matupi m'migodi yozungulira. Tsikulo ankateteza lamba wawo kwa mnyamata wamtali wa ku mgodi wa Jumbo. Mnyamatayo anali atatsamira zingwe, manja ali lende, maso atatembenuka. Nkhonya imodzi ikanakwana. Woyimbira sanaimitse masewero. Bwana wa mgodi anakuwa m'Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, kuti, "Shaya yena!" Ife a mukomboni tinakuwa zomwezo m'Chichewa: "Mmenye!"

Amalume anamuyang'ana mnyamatayo kumaso, n'kubwerera m'mbuyo. Anaima choncho mpaka belu linalira.

Pakona ndinawapatsa madzi, koma sanamwe. Mnyamata uja anatsitsimuka. Anali wamng'ono kwa iwo, mpweya anali nawo. Chakumapeto amalume anatopa, anagwa, anawerengeredwa. Atadzuka anapita okha kukamukweza dzanja.

Ndaonera nkhonya zambiri pa kanema. Za luso la amalume sinditsutsana ndi munthu. Sankadumphadumpha. Ankayenda pang'onopang'ono ngati akukankha ngolo ya miyala, mpaka mnzawo apezeke pakona. Dzanja lamanzere linkafufuza njira, lamanja linkatseka nkhani. Chofooka chawo chinali miyendo. Masewero akatalika, ankavutika. Iwo ankadziwa zimenezi kuposa aliyense, ndiye potsitsa manja paja ankadziwanso chimene akutaya.

Lambayo sanali wongokongoletsa khoma. Ngwazi inkagwira ntchito pamwamba, pageti, osalowa pansi. Pa chakudya chimene mgodi unkagawa, inkalandira nyama yowonjezera. Panalinso china. Kusukulu ana a Chishona ankatitcha mabwidi, anthu opanda kwawo. Koma amalume akamadutsa, dzinalo silinkamveka.

Lolemba anawapatsa chipewa cholimba ndi nyali, n'kuwabwezera pansi kukabowola miyala. Nyama inasiya kubwera. Amayi ankangobwereza mawu amodzi akamatsuka mbale: "Achimwene, chifundo chanucho tidyera chiyani?" Azibambo a mukomboni ankati anthu a ku Jumbo anawagula. Aphunzitsi anauza kalasi yonse kuti munthu wosamaliza ntchito si ngwazi, ndipo ananena akundiyang'ana. Poweruka anyamata anandigwetsa m'fumbi, mmodzi akuwerenga ngati woyimbira. Sindinalire. Sindinakwiyenso. Ndinangodzuka, n'kusasa kabudula, n'kumapita. Nyengo yonseyo ndinali choncho. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkamva amalume akutsokomola akachoka pansi, malovu ali otuwa. Mumtima munalibe kanthu.

Kuseri kwa bhawa, kumene ankagulitsa masese, kunkakhala bambo wina wa ku Mozambique. Anali wamkulu thupi, manja onjenjemera, dovu lili chuchuchu pachibwano. Dzina lake lomwe sankalitchula bwino. Ana tinkamugenda ndi zitsononkho. Masiku onse amalume ankamupititsira chakudya n'kumudyetsa ndi supuni. Ngakhale ndiwo zitachepa pakhomo, sanasiye. Ine ndinkati ndi za kutchalitchi.

Ndinadzamva zoona ndili wamkulu, pamaliro a amalume, fumbi la pansi litawamaliza mapapo. Mkulu wina amene ankagwira nawo ntchito ndiye anandiuza. Bambo wa kuseri kwa bhawa uja ndiye anali mwini lamba amalume asanamutenge. Nayenso anatsamira zingwe, maso atatembenuka. Bwana anakuwa mawu omwe aja. Tsiku limenelo amalume anamvera.

Lero anyamata a kuno sawadziwa. Okalamba ochepa amene amawakumbukira amati, "Uja anaopa pa zingwe." Mnyamata wa ku Jumbo sanakhalitse ndi lamba, koma anakalamba mutu uli bwinobwino. Ndinamuona kumidzi ya ku Masembura akupalira chimanga ndi adzukulu ake. Sanandizindikire, ndipo sindinadzitchule. Iye anatsala ndi mutu wake, amalume anataya mapapo awo. Ngati kusinthana kumeneko kunali kwabwino, sindidziwa. Ine ndimati anali ngwazi. Amayi anamwalira asanavomere.

Koma nyengo ija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinawafunsa kamodzi kokha. Anali atangotuluka pansi, nsidze zili mbuu ndi fumbi, akumanga mbale ya chakudya m'kansalu.

"Amalume, bwanji simunamumenye? Munaopa?"

Anasiya kumanga. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, kuseri ndi kutsogolo, ngati la munthu wina. Ndinadikira. Anamaliza mfundo ya kansalu, ananyamula mbale ndi supuni, n'kutuluka pakhomo. Ndinawaona akutsetsereka ndi njira ya kubhawa, akutsokomola, osacheuka.